Kusankha ndi kudula njanji ya sitima yoseweretsa

Ku Chinyunyu sikudutsa njanji. Ana amadziwa mabasi ndi malole a pa Great East Road, ndipo galimoto zamawaya amazipanga mwaluso. Luso lomweli ndi lokwanira kupangira sitima, kungoti sitima sikhululuka: njanji ikaphonya muyeso pang'ono, mabogi amagwa.

Yambani ndi mpata wa pakati pa njanji ziwiri. Pa Zambia Railways ndi TAZARA njanji zimatalikirana mamilimita 1,067. Mukagawa ndi 20 mupeza pafupifupi masentimita 5, muyeso wabwino pa ntchito ya manja. Njanji zogula za mtundu wa HO zili ndi mpata wa mamilimita 16.5 okha, zovuta kutsanzira ndi pulayala. Semani kathabwa ka masentimita 5 kuti kakhale choyezera chanu ntchito yonse. Osayeza ndi maso.

Waya wake ukhale wosalala, wa mpanda, wokhuthala mamilimita 3 kapena 4. Wowonda umapindika mwana akaponda, wadzimbiri umathyoka popinda. Gulani kapena pemphani zotsala; wa pampanda wa eni ake ndi wamagetsi musaukhudze. Kuti uwongoke, mangani mbali imodzi kumtengo, inayo pamtengo wa khasu, mukoke mwamphamvu, kenako muusalaze ndi hamala pathabwa.

Musanadule, jambulani njira yonse pansi. Pokhota pajambulidwe ndi chingwe chomangirira pa msomali. Ngati malo alola, chingwecho chisachepere masentimita 60, chifukwa kukhota kothina ndiko kumagwetsa sitima kawirikawiri.

Pokhota pomwepa ndi pamene ambiri amaonongera waya. Amadula zidutswa ziwiri zofanana, kuiwala kuti njanji yakunja imayenda ulendo wautali kuposa yamkati. Pa theka la bwalo, ndi mpata wa masentimita 5, yakunja imaposa inzake ndi pafupifupi masentimita 16. Choncho pindani kaye, muike waya pamzere, muchonge, ndiye mudule. Siyani kotsala pang'ono; kuchepetsa n'kosavuta, kuonjezera sikutheka. Popinda, zunguliritsani waya pa dramu kapena tayala kuti ukhote mofanana, osati kuuthyolera pabondo.

Pulayala imafinya nsonga ya waya n'kuisiya yosongoka. Sowo yodulira zitsulo imadula bwino, koma chilichonse chimene mwagwiritsa ntchito, palani nsongayo ndi fayilo kapena pamwala mpaka chala chidutse osakodwa. Gwirani mbali zonse ziwiri podula, kachidutswa kangathe kudumphira m'maso. Ntchito iyi ndi ya wamkulu, ana aziyang'ana chapatali.

Timatabwa topingasa tingakhale ta nsungwi kapena zotsala kwa kalipentala, totalika masentimita 8. Pakathabwa kalikonse temani timipata tiwiri mogona waya, boolani timabowo m'mbali mwake, mumange ndi waya wopyapyala wakopa n'kupotera kunsi. Polumikiza zidutswa pakhale pamwamba pa kathabwa, ndipo mfundo za njanji ziwirizo zisayang'anizane.

Mawilo a mabogi akhale ndi kamlomo mkati kogwira njanji. Mukamanga chigawo chilichonse, yendetsani bogi imodzi musanapitirire. Ikagwa pamalo amodzimodzi kawiri, musalimbane ndi mawilo. Ikani choyezera chija pamenepo, mumasule, mumangenso.