PHUNZIRO LA LAMYA: KUSAMUTSA NAMBALA YOPANDA KHADI

Inu Akristu a ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makwasa ndi kwa Conforzi, tcherani khutu. Phunziro la ulendo uno likhudza makamaka akalaliki, akapitao, aphunzitsi ndi onse amene mwana kapena mbale wa ku Johannesburg anawatumizira lamya yamakono. Ena mwa inu mwaitembenuza lamyayo uku ndi uku kufuna kabowo kolowetsapo khadi, osakaona. Musayese kuti mbale wanuyo wakunyengani ai.

Kodi eSIM nchiyani? Ndi kachitsulo kakang'ono kamene amisiri anakamatirira m'kati mwa lamya poipanga. Sikachotsedwa ndi dzanja. Kampani ndiyo imalembamo nambala yanu kudzera pa intaneti. Bungwe la GSMA linatulutsa malamulo ake m'chaka cha 2016. A Apple anayamba kukaika mu iPhone XS mu 2018, ndipo kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, zogulitsidwa ku America zilibe ndi kabowo komwe. Kuno kwathu TNM ndi Airtel onse awiri amapereka eSIM.

Tifanizire ndi za pa esiteti. Dzina la wothyola tiyi liri m'kaundula ku ofesi, koma mwini wake amagona m'nyumba ya ku malaini. Akasamuka nyumba dzina lake silisintha, komanso sangalembedwe m'nyumba ziwiri nthawi imodzi. Momwemonso nambala yanu iri m'kaundula wa kampani. Lamya ndi nyumba chabe, ndipo ikalowa m'yatsopano, m'yakale imazima.

Tsono musanachite kanthu, imbani *#06# pa lamya yatsopanoyo. Mukaona malembo akuti EID ndi manambala 32, ndiye kuti ikhoza kulandira eSIM. Funsaninso ngati siyomangidwa ku kampani ya kunja, pakuti lamya zambiri zogulidwa pa ngongole m'maiko ena zimakana nambala ya kuno. Kawirikawiri pafunikanso Wi-Fi.

Njira ziripo ziwiri. Ma iPhone awiri okhala ndi iOS 16 kapena yoposerapo angathe kupatsirana nambala mutawaika pafupi ndi kuyatsa Bluetooth, koma izi zimatheka pokhapokha kampani itabvomereza. Ife sitikulangizani kudalira zimenezi. Njira yodalirika ndiyo kupita nokha ku ofesi ya kampani yanu, mutatenga lamya zonse ziwiri ndi chiphaso chanu cha unzika. Kumbukirani kuti kuyambira 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini wake. Ngati yanu inalembedwa m'dzina la amalume, pitani nawo amalumewo, mungabwerere chimanjamanja. Kumeneko adzakupatsani chithunzi cha timadontho takuda chotchedwa QR, ndipo lamya yatsopano ikachiwerenga ndi kamera, nambala yalowa. Kawirikawiri chithunzichi chimagwira nchito kamodzi kokha. Musachijambule ndi kuchitumiza kwa munthu wina, pakuti woyamba kuchiwerenga ndiye watenga nambala.

Apa ndipo tifuna kutsindika. Musafafanize eSIM ya m'lamya yakale yatsopano isanayambe kulira. Khadi yakale ija munkaichotsa ndi kuibwezera mmene mufunira. Iyi mukaifafaniza siibwerera ndi dzanja lanu. Nambala siitayika, inde, koma mudzakhala duu kufikira mutapeza tsiku ndi ndalama yokwerera galimoto. Nanga m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi aphuka kolimba ndipo dengu lirilonse liri ndi mtengo wake pa sikelo, ndani angataye tsiku lathunthu? Pa masiku onsewo ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money simungazikhudze. Msungichuma wa mphakati amene amasunga zopereka za anzake pa lamya aganizire bwino zimenezi. Chimodzimodzinso katekisiti amene odwala amamudalira kuti awaitanire Bambo Mfumu usiku.

Ndalamazo zimatsata nambala, osati lamya, ndipo nchifukwa chake akuba amaifunitsitsa. Wina akakuimbirani nati ndine wa ku kampani, ndithandizeni nambala yachinsinsi kuti tikusamutsireni eSIM, dulani lamya pomwepo. Ndipo wogula lamya ya mtengo wapatali pa mtengo wa nkhuku, osafunsa kumene yachokera, adzifunse yekha za lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu.

Maina a abwenzi, zithunzi za ubatizo ndi mauthenga a pa WhatsApp sizitsagana ndi eSIM. Zimenezo muzisamutse padera. Nambala ikalowa, imbirani munthu wa kunyumba, iyenso akuimbireni, muonenso ndalama zanu ngati ziri bwino. Zitatha izi, fafanizani zonse za m'lamya yakale musanaipereke kwa mwana kapena kuigulitsa pa msika wa Luchenza.