Mwana Wakhanda M'nyengo ya Chiperoni

Nyengo yozizira yafika. Ku Dedza, ku Thyolo ndi ku Mulanje, chiperoni chikulowa mpaka m'mafupa.

Thupi la munthu wamkulu limadziteteza lokha. Kukazizira, mitsempha ya magazi ya pakhungu imachepa kuti kutentha kusatayike, n'chifukwa chake zala zimayamba kuzizira. Kenako timanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumatenthetsa thupi. Koma mwana wobadwa kumene satha kunjenjemera ngati ife. Amazizidwa mwakachetechete, kuyamwa n'kuchepa, mphamvu n'kutha. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa.

Amayi, abambo, agogo, mverani.

Muvekeni chipewa. Mutu wa khanda umataya kutentha msanga. Muvekeni chipewa.

Akanyowetsa thewera, musinthireni pomwepo. Musadikire kuti kuche. Musinthireni pomwepo.

Muikeni pachifuwa panu, khungu likhudzane ndi khungu, mumufunditse nsalu koma nkhope ikhale poyera. Bambo nawonso angathe kutero. Mbaula yamakala ayi, musagone nayo m'nyumba yotseka, mpweya wake umapha osaoneka.

Akafooka n'kukana bere, thamangirani kuchipatala.

Chipewa kumutu, thewera louma, mwana pachifuwa.