Rauta Ziwiri M'nyumba Imodzi: Kulumikiza ndi Kuteteza Wi-Fi ya Pakhomo

Nkhani ino ikufotokoza momwe munthu angafufuzire vuto pa netiweki ya pakhomo pamene akuwonjezera chipangizo chachiwiri chofalitsa Wi-Fi, chomwe akatswiri amachitchula kuti access point. Ndasankha mutuwu chifukwa cha zomwe zidandichitikira kwa amalume anga pa tchuthi. Nyumba yawo ndi ya njerwa zootcha, yaitali ngati mdadada wa makalasi, ndipo rauta yomwe imabweretsa intaneti ili pabalaza. Kuchipinda chakumapeto, komwe asuweni anga amawerengera, Wi-Fi sinkafika. Amalume adatulutsa rauta yakale m'kabati n'kunena kuti, "Mphwanga, wa kuyunivesite ndiwe, tailumikiza iyi." Ndidakoka chingwe kuchokera pabalaza, n'kuchilowetsa mu rauta yakaleyo. Pofika madzulo intaneti idali itasokonekera nyumba yonse, ngakhale pabalaza pomwe kale padalibe vuto.

Kuti timvetse chomwe chidalakwika, tiyambe taona ntchito za rauta. Kabokosi kameneka kamagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Kamalumikiza nyumba ku intaneti, kamafalitsa Wi-Fi, komanso kamagawira foni kapena kompyuta iliyonse nambala yodziwikira yotchedwa adilesi ya IP. Ntchito yogawa maadilesiyi imatchedwa DHCP. Pogawapo, rauta imauzanso chipangizo chilichonse khomo lomwe chizidzera popita kunja, ndipo khomolo limakhala rauta yomweyo. Access point simayenera kuchita zonsezi. Ntchito yake ndi kufalitsa Wi-Fi basi.

Rauta yakale ija sinkadziwa zimenezo. Idapitiriza kugawa maadilesi ngati kuti ndiyo mwini nyumba, moti zidali ngati mudzi womwe mafumu awiri akugawa malo. Foni ikapempha adilesi, kawirikawiri imatenga yankho lomwe layamba kufika. Ikayankhidwa ndi rauta ya pabalaza, zonse zimayenda. Ikayankhidwa ndi yakaleyo, imalozeredwa khomo lomwe silituluka kunja. N'chifukwa chake foni ya azakhali inkatsegula WhatsApp bwinobwino pomwe ya amalume, pampando womwewo, inkaonetsa kuti yalumikizidwa koma intaneti palibe. Vuto lobwera mwa apo ndi apo ngati limeneli limachititsa anthu kunamizira kampani ya intaneti, ndipo nanenso ndidayamba ndatero.

Kufufuza vuto

Kafufuzidwe kabwino kamayambira pa zinthu zooneka ndi maso. Kodi magetsi alipo? Kodi chingwe chalowa mpaka kulira kuti "tha"? Kodi kanyali ka bowo lomwe chingwecho chalowa kakuyaka? Chingwe cha Ethernet sichiyenera kupitirira mamita 100, koma m'nyumba zambiri vuto silikhala kutalika. Limakhala chitseko chomwe chafinya chingwe, kapena makoswe kudenga.

Zimenezi zikakhala bwino, timafunsa kompyuta. Pa Windows timatsegula Command Prompt n'kulemba ipconfig. Mizere yofunika ndi iwiri: IPv4 Address, womwe ukuonetsa adilesi ya kompyutayo, ndi Default Gateway, womwe ukuonetsa khomo lija. Adilesi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta idapempha koma palibe adaiyankha, choncho yadzipatsa yokha nambala. Kwa amalume sizidali choncho. Pansi pa rauta ya pabalaza padalembedwa 192.168.1.1, koma laputopu yanga inkaonetsa khomo la 192.168.0.1. Imeneyi idali adilesi ya rauta yakale.

Chida china ndi ping, yomwe imagogoda pa adilesi n'kudikira yankho. Timayamba ndi khomo lenilenilo. Likayankha, timagogoda kunja, mwachitsanzo pa 8.8.8.8, yomwe ndi adilesi ya Google. Nayonso ikayankha, timayesa dzina monga google.com. Nambala ikamayankha koma dzina ayi, vuto lili pa DNS, ntchito yomwe imasandutsa mayina kukhala manambala. Kwa ife khomo lidayankha koma 8.8.8.8 idangoti zii, ndipo apa m'pomwe ndidatsimikiza kuti wolakwa ndi rauta yakale. Pofufuza motere ndi bwino kusintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kuchilemba papepala. Munthu akasintha zinthu zisanu pakamodzi, ngakhale netiweki ichire sadziwa chomwe chaichiritsa.

Kuisandutsa access point

Ndidachotsa chingwe chochokera pabalaza, kenako ndidadina kabatani ka reset ndi nsonga ya cholembera kwa masekondi pafupifupi 10 kuti rauta ibwerere momwe idachokera kufakitale. Ndidailumikiza ku laputopu yokha ndi chingwe chachifupi, n'kulemba 192.168.0.1 mu Firefox. Tsamba lokonzera rautayo lidatseguka.

Apa dongosolo la zochita ndi lofunika. Choyamba timasintha adilesi ya rautayo kuti ikhale m'banja limodzi ndi ya pabalaza koma isafanane nayo. Ine ndidaipatsa 192.168.1.2. Tionetsetse kuti nambalayi siili m'gulu la zomwe rauta yaikulu imagawa. Ngati imayamba kugawa pa 2, tiisinthe kuti iziyambira pa 10 kapena pa 100. Rauta yakaleyo imazima n'kuyakanso, ndipo timalowanso pa adilesi yatsopanoyo. Tikatero m'pomwe timathimitsa DHCP. Woyamba ndi kuthimitsa DHCP amadzitsekera kunja, chifukwa laputopu yake imasowa woipatsa adilesi, ndipo amabwereranso ku kabatani ka reset. Pomaliza chingwe chochokera pabalaza chimalowa m'bowo lolembedwa LAN, la WAN n'kulisiya lopanda kanthu. Chikalowa mu WAN intaneti imayenda ndithu, koma m'nyumba mumakhala manetiweki awiri, moti kompyuta ya pabalaza singaone makina osindikizira omwe ali kuchipinda. Marauta ambiri atsopano ali ndi posankha polembedwa Access Point Mode, ndipo amachita zonsezi okha.

Kenako pali nkhani ya matchanelo. Pa 2.4 GHz, matchanelo omwe salowererana ndi 1, 6 ndi 11, choncho rauta ya pabalaza ndidaiika pa 1, yakuchipinda pa 11. Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga kwambiri koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma la njerwa. Zipangizo zonse ziwiri ndidazipatsa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi kuti foni izisamuka yokha munthu akamayenda m'nyumbamo. Access point ndidaikhomera pamwamba pa khoma, osati kuseri kwa wailesi ya kanema kapena pafupi ndi malata, popeza chitsulo chimabweza mafunde ake.

Chitetezo

Gawo limeneli ndi lomwe anthu ambiri amalidumpha intaneti ikangoyamba kuyenda. Komatu netiweki ya pakhomo tsopano ili ndi makomo awiri, ndipo wakuba amasankha losakhoma. Rauta yakale ija, nditangoichita reset, inkafalitsa Wi-Fi yopanda pasiwedi ngakhale imodzi, ndipo inkamveka mpaka pamsewu. Chomwe amalume ankaopa ndi bandulo yawo kutha mwezi usadathe. Choopsa kwambiri ndi chakuti munthu wolowa pa tsamba lokonzera rauta angathe kusintha DNS n'kumatumiza a m'nyumbamo ku tsamba labodza looneka ngati la banki.

Pali mapasiwedi awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Ya Wi-Fi ndi yomwe timauza alendo. Ya tsamba lokonzera ndi ya mwini nyumba yekha, ndipo pa marauta akale ambiri imangokhala mawu akuti admin. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalanda zipangizo zambirimbiri, kuphatikizapo marauta ndi makamera, pongoyesa mapasiwedi a kufakitale ngati amenewa. Tiisinthe tikangolowa koyamba, ndipo tithimitsenso Remote Management, yomwe imalola munthu kukonza rauta ali kutali.

Pa kabisidwe ka zomwe zikuyenda mu Wi-Fi, rauta imapereka mayina angapo oti tisankhepo. WEP ndi yakale zedi, ndipo kufooka kwake kudaululidwa m'chaka cha 2001 ndi Fluhrer, Mantin ndi Shamir. Masiku ano imathyoledwa m'mphindi zochepa. WPA idabwera mu 2003 ngati chigamba chongoyembekezera, WPA2 mu 2004, ndipo WPA3 mu 2018. Tisankhe WPA3 ngati zipangizo zathu zikuilola, apo ayi WPA2 yokhala ndi AES. Rauta yomwe ili ndi WEP yokha ibwerere m'kabati. Pasiwedi ya WPA2 imatenga zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndipo mphamvu yake ili pa kutalika. Mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, monga dzina la mtengo, la nsomba, la chiwiya ndi la phiri, amaposa nambala ya foni kapena chaka chobadwa, komanso savuta kukumbukira.

Palinso WPS, yomwe idapangidwa kuti anthu azilumikiza zipangizo mosavuta pogwiritsa ntchito nambala ya madijiti 8. Mu Disembala 2011 Stefan Viehböck adaonetsa kuti rauta imayesa nambalayi m'zigawo ziwiri, ndipo dijiti yomaliza imangowerengetsedwa kuchokera pa zinazo. Motero wakuba safunika kuyesa mamiliyoni. Akayesa kosapitirira 11,000 amaipeza, ndipo rauta imamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi ngakhale ikhale yaitali bwanji. WPS ithimitsidwe. Tionenso ngati opanga rautayo adatulutsa firmware yatsopano, chifukwa ngakhale WPA2 idapezeka ndi mpata wotchedwa KRACK m'chaka cha 2017, womwe adautulukira ndi Mathy Vanhoef wa ku Belgium, ndipo udatsekedwa kudzera m'mapulogalamu atsopano a mafoni, makompyuta ndi marauta.

Anzanga ena amalimbikira zobisa dzina la Wi-Fi kapena kulola mafoni okhaokha omwe adilesi yawo ya MAC idalembedwa mu rauta. Ine ndikuona kuti ndi ntchito yotopetsa yopanda phindu lenileni. Dzina lobisikalo limaoneka foni ikamalumikiza, ndipo adilesi ya MAC imakopereka mosavuta. Chothandiza ndi netiweki ya alendo, ngati rauta ili nayo, kuti wobwera kudzacheza apeze intaneti koma asafike pa makompyuta a m'nyumba.

Nditamaliza ndidathimitsa zipangizo zonse ziwiri n'kuziyatsanso, monga zimachitikira magetsi akathima, kuti ndione ngati zomwe ndidasintha zasungika. Zidasungika. Maadilesi ndi mapasiwedi ndidawalemba papepala lomwe azakhali adalisunga pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Kenako ndidatsegula mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa pa rauta ya pabalaza. Zidalipo 9, pomwe ife tidawerenga 8. Tidathimitsa mafoni mmodzimmodzi mpaka tidapeza kuti chachisanu ndi chinayicho ndi wailesi ya kanema ya amalume, yomwe adali ataiwala kuti nayonso imadya bandulo.