Galu Pakhomo Panu: Phunziro la Umoyo wa Banja

Makolo ndi nonse olera ana,

M'midzi ndi m'matauni a dziko lathu lino muli makomo ambiri amene ali ndi galu. Galu ndiye mlonda wa usiku, amapirikitsa anyani m'munda wa chimanga, amaperekeza abambo ku uzimba, ndipo kwa ana ndiye bwenzi losewera nalo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Munthu amene wafuna galu wavomeranso udindo womudyetsa, kumumangira pogona ndi kumubayitsa katemera. Cholinga cha phunziro lino ndi kukuthandizani kukonza pakhomo panu ndi maulendo anu kuti galu akhale mtetezi wa banja, osati khomo lolowera matenda.

Zimene ndinaona pa mudzi wina

Ntchito yanga ndi yoyendera midzi ndi misika kuona za ukhondo. Chaka china, nyengo yokolola, ndinafika pakhomo lina kukaona chimbudzi, ndipo ndinapeza mnyamata wa zaka 7 atamanga kansanza pachala. Nditafunsa, amayi ake anati, "Palibe kanthu bambo, ndi kagalu kamene abambo ake anagula pamsewu. Kanangomukanda ndi dzino posewera, ndipo tathirapo kale mchere." Nditafunsa kumene kagaluko kanali, anandiuza kuti kanafa patapita masiku atatu, katasiya kudya. Ndinawapempha kuti asiye zokolola anyamuke tsiku lomwelo kupita ku chipatala. Anamvera, mwanayo analandira katemera, ndipo ali moyo.

Chimene sitinadziwe ndi chakuti kagalu komweko kanalumanso mtsikana wa pakhomo loyandikana. Iye anabisa poopa kukwapulidwa, popeza makolo ake anali atamuletsa kusewera ndi agalu a eni. Patapita miyezi iwiri anayamba kutentha thupi ndi kuopa madzi, ndipo pofika naye ku chipatala kunali kutachedwa. Ana awiriwa analumidwa ndi galu mmodzi. Kusiyana kwawo kunali kwakuti wina ananena, wina anabisa.

Kodi chiwewe ndi chiyani?

Chiwewe ndi nthenda yoyamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kachilomboka kamalowa m'thupi la munthu pamene nyamayo yamuluma, yamukanda, kapena yanyambita pachilonda, m'maso ngakhale m'kamwa. Kakalowa kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Nthawi zambiri papita miyezi iwiri kapena itatu zizindikiro zisanaoneke, ngakhale kuti kwa ena zimadza patangopita sabata imodzi, kwa ena patapita chaka. Bala la kumaso, m'khosi kapena m'zala ndilo loopsa koposa. Nyengo yodikirayi ndiyo imanyenga mabanja ambiri: bala limapola, anthu naiwala, pamene nthenda ili pa ulendo.

Zizindikiro zikayamba kuoneka, wodwala sachira. Koma munthu akalandira chithandizo msanga, zizindikiro zisanayambe, nthendayi imapewedwa ndithu. Katemera woyamba anamukonza Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa naye mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe. Ndi chifukwa chake tsiku la 28 September, limene Pasteur anamwalira mu 1895, linasankhidwa kukhala tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse.

Bungwe la WHO limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala nthendayi, ofika 99 amaitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amagwidwa kwambiri chifukwa ndi aafupi msinkhu, kotero kuti galu amawaluma kumaso ndi m'manja, ndiponso chifukwa sanena zikawachitikira.

Katemera wa galu ndiye mpanda woyamba

Njira yotsika mtengo ndi yodalirika yotetezera ana anu ndiyo kubayitsa galu. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera akalandira katemera, nthendayi imasowa poyenda ndipo imazilala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha, kusonyeza kuti ntchitoyi ndi yotheka anthu akagwirizana. Maiko a dziko lapansi anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu.

Gawo lanu ndi ili. Mukamva kuti alangizi a za ziweto akubwera kudzabaya agalu pa sukulu, pa msika kapena kwa amfumu, pitani ndi agalu anu onse, amphaka omwe. Musasiye tiagalu kunyumba poganiza kuti n'tating'ono. Afunseni alangiziwo, chifukwa tiagalu ndito timakhala m'manja mwa ana. Bwerezani katemerayu chaka ndi chaka, ndipo chiphaso chimene akupatsani muchisunge pamodzi ndi mabuku a ku sikelo. Pali mphekesera yakuti galu wobayidwa amafooka nasiya ukali kapena kusaka. Zimenezi si zoona. Katemera sachotsa mphamvu za galu, amangomutchinjiriza. Pewaninso kugula tiagalu kwa anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu, popeza simudziwa kumene tachokera. Ndipo ngati simufuna agalu ambiri, pemphani alangizi kuti afule galu wamphongo kapena atseke kubereka kwa wamkazi, m'malo motaya tiana kuthengo.

Ntchito zokonza pakhomo

Nyengo yachilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe ndipo udzu ndi njerwa zikupezeka, ndiyo nthawi yabwino yogwira ntchito zotsatirazi. Palibe imene ifuna ndalama zambiri, ndipo banja lonse lingathe kuthandizana.

Choyamba, mangani khola la galu. Sankhani malo a mthunzi, okwera pang'ono kuti madzi a mvula asadikhe, ndiponso otalikirana ndi khitchini. Kwa galu wa msinkhu wapakati khola likhale ngati mita imodzi m'lifupi, mita imodzi ndi theka m'litali, ndi mita imodzi kupita m'mwamba, kuti athe kuima, kutembenuka ndi kugona atatambasuka. Pansi pakhale pa simenti ngati mungathe, apo ayi tsindirani dothi ndi kuzira bwino. Folerani ndi udzu, chifukwa malata amatentha kwambiri mu October. Yalani thumba loti muzitha kuchapa ndi kuyanika padzuwa. Sesani m'kholamo tsiku ndi tsiku, popeza fumbi la pogona agalu ndimo muswana nthata, nkhupakupa ndi matekenya amene amalowa m'zala za ana.

Chachiwiri, mangani mpanda wokhala ndi chitseko, kaya wa udzu, wa bango kapena wa njerwa. Mpanda umaletsa galu wanu kuyendayenda usiku kumene angakumane ndi agalu osokera, nkhandwe kapena afisi, ndiponso umatsekereza agalu achilendo. Ngati mpanda sunatheke, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri, nimukolowekepo unyolo woti uzitsetsereka, kuti galu aziyenda uku ndi uku. Galu womangidwa pa chingwe chachifupi tsiku lonse, padzuwa ndi popanda madzi, amasanduka wolusa ndipo ndiye amaluma ana a pakhomo pomwepo.

Chachitatu, mangani thandala lalitali loyanikapo mbale ndi miphika. Ziwiya zosiyidwa pansi agalu amazinyambita usiku. Galu akhale ndi mbale yakeyake ya chakudya ndi ina ya madzi, ndipo mbalezi zisasakanizidwe ndi za anthu. Mtsuko kapena ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira ndi pamalo okwera.

Chachinayi, konzani chimbudzi. Chikhale ndi chitseko chotsekeka ndi chivundikiro pa dzenje, chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo panja pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Pali chizolowezi m'makomo ena choitana galu kuti adye chimbudzi cha mwana wakhanda, ngakhale kumunyambita kumene. Chizolowezi chimenechi tichileke. Chimbudzi cha mwana chiwoleni mukataye m'dzenje. Chimodzimodzinso ndowe za galu: ziwoleni ndi khasu tsiku lililonse mukazikwirire kutali ndi posewerera ana, chifukwa muli mazira a njoka za m'mimba. Mwana wokwawa akadya dothi loipitsidwa amameza mazirawo, ndipo njoka zina zimaboola khungu la mapazi ndi kuyenda pansi pake, kuchititsa mizere yoyabwa. Galu azimwetsedwa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse monga alangizi angakuuzireni.

Chachisanu, kumbani dzenje la zinyalala ndipo muzithira dothi pamwamba. Mulu wa zotsala pabwalo ndiwo umaitana agalu a mudzi wonse kudzamenyanirana pakhomo panu. Galu wanunso adye mokwanira: nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya losakaniza ndi usipa, nyemba kapena msuzi wa nyama. Galu wanjala ndiye amakhala wakuba ndi woyendayenda.

Poyenda ndi galu

Galu amakonda kutsatira mbuye wake ku dimba, ku chigayo, ku mjigo kapena kokacheza kwa achibale, ndipo kuyenda kumamulimbitsa thupi ndi kumufatsitsa. Koma podutsa pamene pali anthu ambiri mugwireni pa chingwe. Ku msika, ku chipatala ndi ku maliro musiyeni kunyumba. Pa mjigo kapena pa chitsime asayandikire ndowa za anthu. Musatume mwana wamng'ono kuyenda yekha ndi galu wamkulu amene sangathe kumugwira. Pochokera ku thengo muyang'aneni m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala kuti muchotse nkhupakupa, ndipo ngati ali ndi bala losonyeza kuti walumana ndi nyama ina, musaligwire ndi manja. Mumangeni nimukauze alangizi a za ziweto.

Aphunzitseni ana anu malamulo awa: asasokoneze galu pamene akudya, akugona kapena akuyamwitsa, asamukoke mchira kapena makutu, ndipo asamugende, akakumana ndi galu wachilendo asathawe kapena kukuwa, koma aime chilili ngati mtengo, manja ali pathupi, osamuyang'ana m'maso, akagwetsedwa adzipinde ndi kuphimba nkhope ndi khosi. Koposa zonse, alonjezeni kuti simudzawakalipira akadzanena kuti galu wawaluma kapena kuwakanda.

Kuzindikira galu wachiwewe

Galu wachiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi. Wofatsa amalusa, woopa anthu amayamba kuwayandikira. Amaluma chilichonse, ngakhale mitengo ndi miyala, amatuluka dovu, mawu ake amasintha, amayenda mwadzandidzandi, kenaka miyendo imafa. Koma si onse amalusa. Ena amangoti ndwii pakona, kukamwa kuli yasa ngati fupa lawaima pakhosi. Musapise dzanja m'kamwa mwa galu wotere kuti muchotse fupalo. Chotsani ana, mutsekereni ngati mungathe popanda kumugwira, ndipo dziwitsani amfumu ndi alangizi.

Zoyenera kuchita munthu akalumidwa

Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu. Kutsukaku kumachotsa tizilombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Musathirepo mchere, tsabola, dothi, mafuta a galimoto, ubweya wa galuyo kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamange balalo molimba.

Pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono chotani. Fotokozani za galuyo: mwini wake, ngati anabayidwa, ndi mmene amaonekera. Katemera wa munthu ndi jakisoni angapo operekedwa pa masiku osiyana, ndipo muyenera kumaliza onse monga adokotala alembera. Mayi woyembekezera ndi mwana wakhanda nawonso angathe kulandira. Ngati pamene mwafikapo mankhwala palibe, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, musabwerere kukakhala kunyumba.

Galu wolumayo, ngati ndi wodziwika, amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi. Akadwala, akafa kapena akasowa m'masiku amenewa, dziwitsani achipatala ndi alangizi msanga. Koma musadikire masiku 10 kuti muyambe chithandizo. Galu wofa yekha asasendedwe kapena kugwidwa ndi manja, ndipo nyama ya chiweto chofa ndi zizindikiro za chiwewe isadyedwe.

Mafunso okambirana pa banja

Kodi agalu ndi amphaka a pakhomo panu anabayidwa liti, ndipo chiphaso chili kuti? Mwa ntchito zisanu zija, ndi iti imene mungayambe sabata ino? Kodi mwana aliyense pakhomo panu akudziwa chochita galu akamuluma, ndipo angathe kukuuzani mopanda mantha?

Mukatha kuwerenga, kambiranani ndi anansi anu ndi komiti ya za umoyo ya m'mudzi mwanu, chifukwa galu wosabayidwa wa khomo limodzi ndi ngozi ya mudzi wonse. Pamene simunamvetse funsani mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu.