NJIRA YA CUTHBERT NDI MIDZI YA KUTALI

Werengani Luka 10:1-11 ndi Aroma 10:13-15.

Ku malire a Scotland ndi England kuli njira yapansi yochedwa St Cuthbert's Way, ndiko kunena Njira ya Cuthbert. Iyambira ku Melrose, nithera pa cisumbu ca Lindisfarne m'nyanja yamcere. Utali wace ndi mailosi 62, ndiwo makilomita 100; tikapima ndi kwathu, upitirira pang'ono ulendo wocokera ku Chipata kufika ku Katete. Inatsegulidwa m'caka ca 1996, ndipo aulendo ambiri aitha masiku asanu. Ndi njira yabata: ipita m'mbali mwa mitsinje, m'minda, ndi pa mapiri a msipu pamene sipamveka kanthu koma nkhosa ndi mphepo. Tiyeni tiitsate, pakuti malo ace atiphunzitsa umo Uthenga Wabwino unalowera m'dziko lija. Unalowa ndi mapazi, mudzi ndi mudzi.

1. Poyambira pace: Melrose

Waulendo anyamuka pa mabwinja a chalichi cacikuru cimene mfumu David I inamangira amonke m'caka ca 1136. Amonke ndiwo amuna odzipatula kukhala pamodzi m'mapemphero ndi m'nchito. Koma zaka mazana asanu izi zisanacitike, panali kale nyumba yaing'ono ya amonke ca kum'mawa kwa malowo, pokhota mtsinje wa Tweed. Ndipo kumeneko anafika mnyamata Cuthbert m'caka ca 651.

Bede, mmonke amene analemba mbiri yace, asimba kuti usiku wina Cuthbert alikuweta nkhosa kumapiri anaona kuunika kwakukuru kumwamba. Pambuyo pace anamva kuti usiku womwewo anamwalira Aidan, mlaliki wamkuru wa dzikolo. Pamenepo anasiya zoweta, napita ku Melrose, nalandiridwa ndi mphunzitsi dzina lace Boisil. Njira ikatsika pa mapiri atatu a Eildon ifika pa mudzi wa St Boswells, umene unachedwa dzina la Boisil yemweyo. Taonani, mphunzitsi wolandira bwino mnyamata mmodzi akumbukika kufikira lero.

2. Pakati pa mapiri

Kucokera pamenepo njira itsata mseu wakale wa Aroma wochedwa Dere Street, nipitirira linga logumuka la Cessford, nikwera phiri la Wideopen, ndipo itatsika ku Kirk Yetholm idumpha malire kulowa m'England, kulinga ku Wooler. Masiku a Cuthbert malirewo kunalibe. Dziko lonseli linali ufumu umodzi wa Northumbria.

Pano tiime pang'ono, pakuti apa pagona phunziro lathu. M'zaka zimenezo mliri woopsa unagwa m'dziko, nupha anthu ambiri, ndi Boisil yemwe. Anthu a m'midzi amene anali atabatizidwa kale anagwidwa ndi mantha. Ambiri anabwerera ku zithumwa ndi matsenga, poyesa kuti izi zidzaletsa imfa. Cuthbert, amene tsopano anali mtsogoleri pa Melrose, sanakhale pakhomo kudandaula kuti anthu agwa. Anatuluka, nthawi zina pa kavalo, koma kawirikawiri pansi, nalunjika makamaka ku midzi ya pamwamba pa mapiri, imene alaliki ena anaipewa cifukwa ca umphawi wace ndi kuipa kwa njira. Ndipo sanangolonjera ndi kupita. Anakhala kumeneko sabata lathunthu, mwina awiri kapena atatu, mwina mwezi wonse, kuphunzitsa anthu ndi mau ndi makhalidwe ace. Woyenda pa mapiri amenewa lero, akaona umo midzi italikirana ndi umo mphepo izizira, azindikira kuti nchito ija siinali yamasewera.

3. Phanga la othawa

Kupitirira Wooler, m'kati mwa nkhalango, muli phanga lochedwa dzina la Cuthbert. Iye anamwalira pa 20 March 687, ataikidwa kukhala bishopu m'caka ca 685, ndipo anamuika m'manda pa Lindisfarne. Koma m'caka ca 793 ankhondo ochedwa Viking anadza pa zombo zao, nafunkha cisumbuco, napha ena mwa amonke. Nkhondo zitacuruka, otsala anathawa m'caka ca 875, atasenza mtembo wa Cuthbert ndi buku lao la Mauthenga Abwino anai. Anthu a kumeneko asimba kuti anapumula m'phanga limeneli. Ulendo wao unali wautali: mtembowo unafika ku Durham m'caka ca 995, ndipo manda ace ali komweko lero.

4. Pothera pace: Cisumbu Copatulika

Waulendo akakwera mtunda wa pamwamba pa phanga aona nyanja, ndi cisumbu ciri poteropo. Lindisfarne ndi malo odabwitsa. Kawiri pa tsiku madzi asefukira nacizinga. Kawiri pa tsiku aphwa, nusiyidwa mcenga woti munthu ayendepo. Njira ya aulendo pamcengapo ndi ya mailosi atatu, ndipo anazikamo mitengo yaitali yoonetsa poyenda. Ambiri avula nsapato naoloka opanda kanthu kuphazi. Koma wonyalanyaza nthawi ya madzi alowa m'tsoka. Cifukwa cace anamangamo tinyumba ta pa nsanja tothawiramo ocedwa.

Pa cisumbu cimeneci ndipo Aidan anakhazikika m'caka ca 635, pocokera ku Iona ataitanidwa ndi mfumu Oswald. Mlaliki amene anamtsogolera anabwerera kwao, nanena kuti anthuwo ngouma mitu. Koma Aidan anaona kuti mnzaceyo anacita nao mwaukali, osayamba ndi ciphunzitso cofewa. Poyamba Aidan sanadziwe bwino cinenero ca dzikolo, ndipo mfumu yomwe inkamtanthauzira pamaso pa nduna zace. Iyenso anayenda pansi, kuti akakomana ndi munthu panjira, wolemera kapena wosauka, aime nalankhule naye. Mfumu ina, Oswin, inampatsa kavalo wabwino woolokera mitsinje. Koma sipanapite masiku, iye anampereka kwa wopemphapempha. Mfumu itadandaula, Aidan anaikumbutsa kuti munthu wa Mulungu aposa mwana wa kavalo mtengo wace.

Chalichi ca pacisumbu masiku a Cuthbert cinali ca mitengo, cofoleredwa ndi bango, cosasiyana kwambiri ndi zathu za kumudzi. Mabwinja a miyala amene aoneka lero ndi a pambuyo pace. Koma pa malo osauka amenewo panalembedwa ndi manja buku lija la Mauthenga Abwino, lokongola koposa, m'Cilatini. Patapita zaka zoposa mazana awiri wansembe Aldred analemba tanthauzo lace m'Cingelezi cakale pakati pa mizere, kuti mau amveke m'cinenero ca anthu. Bukulo lisungidwa ku British Library mu London.

5. Phunziro kwa ife

Abale, tisasokere. Kuyenda njira imeneyi sikugula cikhululukiro, ndipo mafupa a Cuthbert sapulumutsa munthu. Mpulumutsi ndi mmodzi, Yesu Kristu. Cimene njirayi itionetsa ndi ici: Mau a Mulungu safika okha ku mudzi wa kutali, afika pamene munthu awanyamula.

M'mpingo uliwonse muli mudzi wotere, wa kutsidya kwa dambo kapena kuseri kwa phiri, kumene mkuru wa mpingo sanapondeko ciyambire dzinja. Kumeneko matenda akagwa, mwana akamwalira, Mkristu wofoka ayang'ana kunjira. Akapanda kuona mbale alikudza, apita kwa woombeza. Ndipo ife timva mbiri yace pa bwalo la akuru pokha, pomuweruza. Kodi mlandu uli pa iye yekha? Mbusa mmodzi sangathe kufika ponse. Nchitoyi ndi ya akuru, alaliki, amai a Cigwirizano ndi anyamata omwe. Mvula ikatha ndi mitsinje ikaphwa, mpingo uliwonse usankhe mudzi wace wa kutali koposa, nutumeko anthu awiri, osati kukalonjera kokha, koma kukagona komweko.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji anthu obatizidwa anabwerera ku zithumwa, ndipo Cuthbert anacitapo ciani?

2. Aidan anasiyana bwanji ndi mlaliki amene anamtsogolera?

3. Ndi mudzi uti wa mpingo wanu umene watha nthawi yaitali osacezeredwa? Adzapitako ndani, ndipo liti?