Phunziro la Mwezi Uno: Mtendere wa M'banja ndi Thanzi la Pakhomo

Mawu Oyamba

Ntchito ya woyendera zaumoyo ndiyo kuona zitsime, zimbudzi, misika, malo ophera nyama ndi nyumba zodyera. Nkhani za ukwati eni ake ndi ankhoswe, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Komabe aliyense amene wayendera makomo kwa zaka zambiri amadziwa kuti khomo limaulula za eni ake. Pamene thandala linagwa kalekale popanda woliimika, pamene chimbudzi chatha dzinja lachiwiri chilibe denga, kawirikawiri mumapezanso kuti bambo ndi mayi a pakhomopo anasiya kukambirana. Umphawi uli ndi mbali yake, zimenezo sitikana. Koma m'mudzi umodzi mumapezeka makomo awiri opeza mofanana, lina losamalika ndi la ana athanzi, linalo lauve ndi la matenda osatha.

Phunziro lathu mwezi uno likuti tizinthu tomwe timakanganitsa mwamuna ndi mkazi tsiku ndi tsiku, monga madzi, nkhuni, ndiwo, mchere ndi ndalama, ndi tomwenso timasunga kapena kuwononga thanzi la banja lonse. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

1. Madzi ndi Nkhuni

Bambo akabwera kumunda napeza kuti kubafa kulibe madzi, mawu oyamba amakhala akuti, "Kodi mumatani tsiku lonse?" Tisanafunse funso limeneli, tiyambe tawerengera. Munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 pa tsiku kuti amwe, aphikire ndi kudzisamalira. Banja la anthu 6 lifunika malita 120, ndiye kuti maulendo 6 a kumjigo ndi ndowa ya malita 20. Ndowa yotere ikadzaza imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi amaisenza pamutu, mwina ali ndi mwana kumbuyo, mwinanso ali woyembekezera.

Wotunga akatopa, madzi amachepa pakhomo, ndipo chinthu choyamba kusiyidwa ndicho kusamba m'manja. Apa ndi pamene kutsekula m'mimba kumalowera. Bambo amene ali ndi njinga angathe kumangirira zigubu ziwiri ndi kuchepetsa maulendo a mkazi wake. Anzake akamuseka pa bawo, adziwe kuti wateteza ana ake. Madzi akumwa asungidwe m'ndowa yovindikira yokhala ndi kapu yakeyake yotungira, ndipo akathiridwa kolorini adikiridwe mphindi 30 asanamwedwe.

Nkhuni nazo zili ndi milandu yake. Nsima ikachedwa chifukwa nkhuni ndi zaziwisi, wodzudzulidwa ndi mayi, pamene iye ndi mwana wa kumbuyo ndiwo apuma utsi wonse. Utsi wa m'khitchini umayambitsa chibayo kwa ana ndi chifuwa chosatha kwa akulu. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda odza ndi utsi wa m'nyumba. Kuboola zenera m'khitchini, kuwaza nkhuni ndi kuziunjika pouma mvula isanayambe, ndiponso kuphikira pa Chitetezo Mbaula m'malo mwa mafuwa, ndi ntchito zimene mwamuna angathe kugwirapo. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

2. Chimbudzi

Mwa chikhalidwe chathu, kukumba dzenje, kudula mitengo ndi kufolera ndi ntchito ya abambo, pamene kuzira, kusesa ndi kuthira phulusa ndi ntchito ya amayi. Chimbudzi chabwino, tsono, ndi umboni wakuti awiriwo akugwirizana. Mayi akakumbutsa za denga kachitatu, bambo amati akumulongolola. Bambo akalonjeza kuti afolera mawa kwa miyezi itatu, mayi amaleka kusesa. Mapeto ake ana amapita kuseri kwa nyumba, mvula imakokolola zonyansazo kunka nazo kuchitsime, ndipo mudzi wonse umamwa.

Tisaiwale zimene zinatigwera posachedwa. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022 unafalikira m'dziko lonse. Anthu oposa 50,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, ambiri mwa iwo m'dzinja la 2022 ndi 2023. Kolera amalowera pakamwa kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'manja moipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu.

Chimbudzi chikumbidwe pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pabowo pakhale chivindikiro, panja pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Kumene mkamwini amachita manyazi kulowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake, njira ndiyo kukumba chachiwiri, pakuti kuthengo kulibe ulemu uliwonse. Bambo ndi mayi onse adziwe kusungunula paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi aukhondo, chifukwa matenda sadikira kuti mayi abwere kuchigayo.

3. Ndiwo ndi Ndalama

"Masamba omwewa lero?" Funso limeneli lamveka m'nyumba zambiri, ndipo yankho lake limadziwika: "Munasiya zingati?" Mkangano wa ndiwo gwero lake ndi ndalama zosakambirana. Miyezi yokolola ndi yogulitsa fodya, mtedza ndi soya, ndalama imalowa m'thumba la munthu mmodzi. Pofika February nkhokwe yapepuka, ganyu wayamba, ndipo aliyense akuloza mnzake chala.

Wovutika kwambiri pa mkangano umenewu ndi mwana wamng'ono, amene sangathe kudzinenera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba ndi m'zaka ziwiri zoyamba, ndipo nthawi imeneyi ikapita nkovuta kukonza. Madzi akatayika saoleka.

Tikumbukire magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenaka ayambe phala lothira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Nthutumba ya nkhuku ikhale ya bambo monga mwa mwambo, koma chiwindi ndi dzira zipite m'mbale ya mwana ndi ya mayi woyembekezera. Musanagulitse zokolola, khalani pansi awiri, muwerenge matumba, mupatule chakudya cha chaka, mbewu, ndi mtedza ndi nyemba za ana. Zotsala ndizo za kumsika. Ndalama ikakhala yodziwika kwa onse awiri, funso la ndiwo limasanduka nkhani yothandizana.

4. Mchere, Mowa ndi Kuthamanga kwa Magazi

Palinso dandaulo lina la pa mphasa yodyera, lakuti ndiwo sizinakolere mchere. Mayi amene amachepetsa mchere ayenera kuyamikidwa. Munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Kafukufuku wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa amayenda mwakachetechete mpaka tsiku limene munthu wafa ziwalo.

Zoyambitsa zake ndi mchere wambiri, mowa, fodya, kunenepa kwambiri, ukalamba ndi kumtundu. Nyumba ya phokoso imawonjezera moto, chifukwa munthu wosagona tulo ndi wokhala ndi nkhawa amathawira ku kachasu ndi ku fodya, ndipo amaiwala kumwa mankhwala. Mowawo umadya ndalama ya ndiwo, mkangano nkuyambiranso. Bambo ndi mayi apite limodzi kukayezetsa magazi, ndipo amene wapatsidwa mankhwala akumbutsidwe ndi mnzake tsiku lililonse, mwaulemu, osati monyoza.

5. Pakati ndi Kulera

Mayi woyembekezera amatopa msanga, amanyansidwa ndi zakudya zina, ndipo nthawi zina amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Umenewu si ulesi kapena mwano, ndi kusintha kwa m'thupi. Ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo malangizo a tsopano ndi akuti aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Kumeneko amalandira mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala oteteza malungo ndi neti. Bambo amene waperekeza mkazi wake amamva yekha zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, mutu wopweteka kwambiri, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, ndi mwana kusiya kugunda m'mimba. Akamva yekha sachedwa kupeza njinga kapena galimoto usiku. Kusikelo komweko awiri angayezetse HIV pamodzi. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilomboka, ndipo ana ochuluka abadwa opanda kachilombo chifukwa cha njira imeneyi.

Boma linavomereza ntchito ya kulera mu 1982, koma mpaka lero m'nyumba zina nkhaniyi imakambidwa monong'ona, mwinanso mayi amalera mobisa. Chinsinsi chotere chikaululika chimabala kukayikirana. Thupi la mayi limafunika kupuma zaka ziwiri asanatengenso pakati pena. Pitani nonse kuchipatala, mufunse, musankhe njira yokukomerani.

Mayi wa khanda akamangolira, osafuna kudya, osagona ngakhale mwana wagona, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo kuchipatala kuli thandizo. Asakalipiridwe, aperekezedwe.

6. Pamene Nkhani Yaposa Ankhoswe

Akuluakulu amati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mawuwa ndi oona pa nkhani za mchere ndi nkhuni, ndipo pa zokulirapo ankhoswe alipo. Koma kumenya, kuopseza, kumana chakudya ndi kukakamiza za kuchipinda si zokhumudwitsa za tsiku ndi tsiku. Zimenezi ndi nkhanza, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza mkazi, mwamuna ndi ana. Wovulazidwa apite kuchipatala msanga, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere. Khomo losesedwa bwino lisatinamize, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mnansi amene amamva kulira usiku ndi usiku asakhale chete.

Tikumbukirenso kuti ukwati ndi wa akuluakulu. Lamulo la maukwati la 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017, linakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wochepetsetsa wolowera m'banja. Mtsikana wosakhwima thupi ali pa chiopsezo chachikulu pobereka.

7. Zokondweretsa Zazing'ono

Takamba zambiri zovuta, koma ukwati uli ndi zokoma zake, ndipo zambiri sizilira ndalama. Mondokwa woyamba wa chaka, wootchedwa ndi kugawana pakati. Chikho cha thobwa chofika kumunda dzuwa lili paliwombo. Fungo la mvula yoyamba, awiri ataima pakhonde podziwa kuti denga linafoleredwa nthawi yabwino. Mzere wa m'kabuku ka sikelo ukukwera mwezi ndi mwezi, bambo nawo akuuyang'ana monyadira. Kumvera wailesi limodzi madzulo ana atagona, nkuseka chinthu chimene awiri okha ndiwo akuchidziwa.

Pali mawu ochepa amene amachepetsa katundu wa tsiku: "Zikomo amake mwana, ndiwo zinakoma." "Mwaswera bwanji bambo ake, madzi ali kubafa." "Pepani, ndinalankhula ndi mkwiyo." Munthu woyamikidwa amagona tulo tabwino, amadya bwino, ndipo amakhala ndi mphamvu zosamalira ana. Ana nawo amaonera. Mnyamata amene waona bambo ake akuwaza nkhuni ndi kutunga madzi pa njinga sadzachita manyazi kutero m'nyumba yake.

Mafunso Okambirana

Mafunso awa akambidwe m'makomiti a zaumoyo a m'midzi, kusikelo, ndiponso ndi bambo ndi mayi paokha.

1. Pakhomo panu pamafunika ndowa zingati za madzi pa tsiku, ndipo amatunga ndani?
2. Ndi ntchito iti ya ukhondo imene yakhala ikudikira mawa kwa nthawi yaitali? Ikufuna ndalama, kapena ikungofuna kugwirizana?
3. Pa magulu 6 a zakudya, mwana wanu wamng'ono anadya angati dzulo?
4. Munayezetsa liti kuthamanga kwa magazi, inu ndi akunyumba kwanu?
5. Ndi nkhani ziti zoyenera ankhoswe, ndipo ndi ziti zoyenera chipatala ndi polisi?

Ntchito ya Mwezi Uno

Banja lililonse lisankhe chinthu chimodzi chimene chakhala chikukanganitsa, kaya ndi thandala, chivindikiro cha chimbudzi, dzenje la zinyalala kapena zenera la khitchini. Mugwirizane tsiku, mugawane ntchito, ndipo muigwire mwezi usanathe. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ali okonzeka kukuonetsani miyeso yoyenera. Ikatha ntchitoyo, musaiwale kuthokozana.