Filiji yakale yolira usana ndi usiku: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

M'makomo ndi m'magolosale ambiri a m'mawadi a khonsolo ino muli mafiliji akale omwe eni ake adagula ogwiritsidwa kale ntchito kapena adasiyiridwa ndi makolo. Amayi ogulitsa mafilizesi, thobwa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi amapezera ndiwo ndi fizi ya ana pa mafiliji amenewa. Vuto lomwe limabuka kawirikawiri, makamaka dzuwa likamaswa mtengo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi la kompuresa yomwe imangolira osapuma. Mayunitsi a magetsi amatha ngati madzi a m'dengu, ndipo kompuresayo ikapsa mtengo wogulira ina umatha kudya mpamba wonse wa geni.

Mmene filiji imagwirira ntchito

Kompuresa ndi chitini chakuda chija chimakhala kumbuyo, cham'munsi mwa filiji. Ntchito yake ndi kupopa gasi m'mapaipi. Gasiyo amatenga kutentha kwa m'kati mwa filiji n'kukakutaya panja kudzera m'mapaipi akuda a kumbuyo. M'kati mukazizira mokwanira, kachipangizo kotchedwa thermostat kamadula magetsi ndipo kompuresa imapuma. M'chipinda cha zakudya muyenera kukhala madigiri a pakati pa 0 ndi 5. Choncho kompuresa yosapuma ikutanthauza chimodzi mwa zinthu ziwiri: mwina m'kati simukufika pa mlingo woyenera, kapena mwafika koma thermostat yalephera kudula magetsi.

Zoyamba kufufuza, zosalira ndalama

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini filiji asathamangire kunena kuti gasi watha asanayang'ane zinthu zinayi izi, ndipo asanagwire chilichonse kumbuyo kwa filiji azule kaye pulagi.

Choyamba ndi mphira wa pachitseko. Mphira ukakalamba umauma, kung'aluka kapena kupindika, ndiye mpweya wotentha umalowa nthawi zonse. Pouyesa, munthu apanitse pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo pakudutsa mpweya. Ayese chimodzimodzi mbali zonse zinayi. Mphira wakuda ndi litsiro umagwiranso ukatsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo, koma wong'ambika ndi wofunika kusintha.

Chachiwiri ndi mapaipi akuda a kumbuyo. Fumbi ndi ndandaule zikawakuta, kutentha kumasowa potulukira. Awapukute ndi burashi yofewa mosamala kuti asawapinde.

Chachitatu ndi malo. Filiji yogunda khoma, yoyandikana ndi mbaula kapena yowombedwa ndi dzuwa la pawindo imagwira ntchito yowirikiza. Pakati pa filiji ndi khoma pakhale mpata wa masentimita pafupifupi 10. Kuthira mafilizesi ambiri asanazizire nakonso kumaliritsa kompuresa kwa maola ochuluka ngakhale filiji ili yabwinobwino.

Chachinayi ndi ayezi wochindikala m'chipinda choumitsira. Ayeziyo amakuta mbale yoziziritsa ngati bulangete. Filiji izimitsidwe, chitseko chitsekulidwe, ayezi asungunuke yekha. Kugoba ndi mpeni kwapha mafiliji ambiri, pakuti nsonga ikaboola paipi gasi yense amathawa.

Funso lolekanitsa mavuto awiri

Zonsezi zikakonzedwa koma kulira n'kupitirira, mwini filiji adzifunse ngati m'kati mukuzizira mopyola muyeso kapena simukuzizira mokwanira.

Ngati tomato, mkaka ndi mazira zikuundana m'chipinda cha m'munsi, gasi ndi kompuresa zili bwino, wolakwa ndi thermostat. Potsimikiza, apotoze kabatani kake mpaka pa 0. Kompuresa ikapitirizabe kulira ndiye kuti tizitsulo ta m'kati mwa thermostat tamatirirana. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono kwambiri: kapaipi kopyapyala ka thermostat, komwe kamamva kuzizira, kamakhala katasomphoka pamalo pake pa mbale yoziziritsa, ndipo kukabwezerapo kumathetsa nkhani yonse. Thermostat yowonongeka imasinthidwa ndi ina ya mtundu womwewo, ndipo mtengo wake ndi wotsika kutalitali poyerekeza ndi wa kompuresa.

Koma ngati kompuresa ikulira pomwe m'kati muli mofunda, ayezi akugwira kachigawo kochepa chabe ka mbale, ndipo mapaipi a kumbuyo sakutentha monga mwa masiku onse, ndiye kuti gasi wachepa, paipi yatsekeka kapena kompuresa yafooka. Dontho la mafuta pa mfundo ya paipi limasonyeza pamene gasi akutulukira. Filiji yotere izimitsidwe kufikira mmisiri atabwera, chifukwa kuisiya ikulira ndi kuotcha kompuresa pamodzi ndi mayunitsi.

Pamene pafunika mmisiri

Ntchito ya gasi si ya pakhomo. Gasi wa m'filiji satha ngati makala, amachepa pokhapokha pali pobooka. Mmisiri wothira gasi asanapeze ndi kutseka pobookapo amakhala atangobwereka ndalama za mwini filiji, popeza vutolo limabweranso.

Mtundu wa gasi umalembedwa pa kachikwangwani ka pa kompuresa kapena kumbuyo kwa filiji. Mafiliji akale kwambiri amagwiritsa ntchito R12, gasi yemwe amaononga ozoni, chophimba cha m'mlengalenga chomwe chimatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal la mu 1987, lomwe dziko la Malawi lidavomereza, ndi lomwe lidakhazikitsa zothetsa gasi wa mtundu umenewu. Mafiliji ena ali ndi R134a, ndipo ambiri atsopano ali ndi R600a, yemwe amayaka moto. Magasi amenewa sasakanizidwa, ndipo mwini filiji ali ndi ufulu wofunsa mmisiri mtundu womwe akufuna kuthira. Filiji ya R12 ikafika pofuna gasi ndi kompuresa yatsopano nthawi imodzi, n'chanzeru kuwerengetsa mtengo wokonzera pamodzi ndi magetsi omwe imadya, n'kuuyerekeza ndi wogulira ina.

Kupewa

Mapaipi a kumbuyo apukutidwe kawiri pachaka, makamaka nyengo ya fumbi ikamatha. Magetsi akathima, pulagi izulidwe, ndipo akayaka padutse mphindi zosachepera 5 isanabwezeredwe. Filiji yosamalidwa motere imamveka ikulira n'kupuma, kulira n'kupuma, ndipo kupumako ndiye chizindikiro chakuti ili bwino.